Pulambala Amene Anati Ndi Madzi Chabe

Achimwene anga ndi pulambala. Dzina lawo simungalidziwe, koma nkhope yawo mwina inadutsapo mu foni yanu: bambo wonyowa thupi lonse, chipewa chitapendekeka, madzi akuyenderera m'chibwano, maso ali phee ngati munthu wodikira basi. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono. Ndimasoka zovala, ndipo iwo amangonditcha Telala.

Kukhazikika ndiko achimwene sanabadwe nako. Mayi ankati ali mwana ankadya chiimire, mwendo umodzi uli kale panja. Kusukulu aphunzitsi ankawakhazika kutsogolo kuti aziwaona, koma belu likamalira ankapezeka kumbuyo akuseketsa anzawo. Atasiya sukulu anayamba kukonza njinga. Kenaka anakhala kondakitala. Anayesanso ulonda, koma anausiya sabata lisanathe, ati kuyang'anitsitsa geti tsiku lonse kunkawayabwitsa mapazi. Upulambala anauphunzira kwa mkulu wina amene ankaika mapaipi m'nyumba zatsopano, ndipo ndi ntchito yokhayo imene inawagwira. Ndikuganiza kuti n'chifukwa choti siwasunga malo amodzi. M'mawa ali kubafa kwa uyu, masana ali pansi pa sinki kwa uyo, madzulo akwera pa thanki kutsidya kwa tauni, chikwama cha masipanala chikulira kumsana.

Akazi awo, alamu anga, ndi munthu wofatsa, amasamalira ana pa sukulu ya mkaka. Ali ndi mwana mmodzi wamkazi wa kusekondale, amene tinamutcha Dona akadali wamng'ono chifukwa ankakana kuponda matope. M'nyumba mwawo mipando ndi yabwino, koma sindikukumbuka nditawaona achimwene atatsamira pa mpando. Amakhala m'mphepete, ngati wina awaitana posachedwa.

Atagula foni yaikulu, miyendo inapeza mnzake. Ndi iwo anatsegula gulu la banja lathu pa Watsapu, n'kulowetsamo aliyense, mpaka azakhali amene amayankha uthenga uliwonse ndi mawu oti ameni. Ndikamatsegula shopu m'mawa ndinkapeza foni itadzaza kale. Mbuzi itakwera njinga yamoto. Mkwati akugwa pamodzi ndi keke. Mphaka wovala tayi, pansi pake achimwene atalemba kuti, "Awa ndi amalume akupita kukaona ndalama zawo za penshoni." Luso anali nalo, nditero. Ankadula mutu wa munthu pa chithunzi n'kuumata pa thupi la wina, osaoneka polumikiza. Ine anandiika pa thupi la wankhonya, nditakweza sizasi m'mwamba. Ndinakwiya mpaka nthawi ya nkhomaliro, kenaka ndinatumizira anzanga ndekha.

Vuto linali loti ukachedwa kuseka ankakuimbira.

"Telala, waiona?"

"Ndili ndi kasitomala, achimwene."

"Ingoiona kaye, ndi yaifupi. Ndikudikira pompano."

Ankayang'ananso amene atsegula uthenga osayankha. Ukatero ankakulembera padera kukufunsa ngati ukudwala. Alamu ankadandaula kuti pa tebulo amuna awo dzanja lina sipuni, lina foni, ndipo kangapo anathira shuga mu ndiwo maso ali pa galu wovina.

Tsiku lina mayi wina wa saluni anawaitana. Paipi yopita ku sinki yotsukira tsitsi inkadontha, khoma likuchita nkhungu. Achimwene atafika anafunsa ngati madzi atsekedwa pa mita. Mmodzi wa oluka tsitsi anati watseka, koma anali atatseka a shopu yoyandikana nayo. Mayi wa saluniyo anaima chapatali akujambula, kuti atumizire mwininyumba amene ankakana kuti paipi ndi yowola. Achimwene anagwada, anakoleka sipanala, anapotoza. Madzi anawaomba kumaso ndi mphamvu yonse. Makasitomala anakuwa. Mayi wina amene mutu wake unali m'makina oumitsira tsitsi anafuna kuthawa nawo makinawo. Matawulo anayandama pansi. Ndipo pakati pa zonsezo achimwene anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana mayi wa saluni uja, n'kunena mofatsa ngati dokotala kuti, "Musadandaule amayi, ndi madzi chabe."

Madzulo ake mayiyo anawatumizira kanemayo. Achimwene anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndi dzanja lawo lomwe anaitumiza ku gulu la banja. Msuweni wathu wina, woyendetsa takisi, anaitenga n'kuiika pa Fesibuku. Kuchokera pamenepo palibenso amene akanaigwira.

Anthu anadula nkhope ija n'kuisandutsa chithunzi choyankhira chilichonse. Wina walephera mayeso, ndi madzi chabe. Timu yagonja, ndi madzi chabe. Chibwenzi chatha, magetsi azima, bwana wakalipa, nkhope ya achimwene inali pomwepo ndi chipewa chopendekeka. Makasitomala anga ankandionetsa ndikuwayeza m'chiuno, osadziwa kuti munthuyo tinayamwa bere limodzi. Ine ndinkangoluma mapini n'kugwedeza mutu.

Poyamba achimwene anasangalala ngati mwana. M'basi anthu ankagwirana zigongono n'kumawaloza. Anaika nambala yawo poyera, ndipo ntchito zinachuluka, ngakhale ena ankawaitana mpope uli bwinobwino, cholinga ajambulitse nawo. Chipewa chija sanachivulenso. Koma ndemanga zinawalanda mtendere. Ankawerenga iliyonse. Wina akalemba kuti pulambala weniweni amakaona yekha pa mita, iwo ankaima pakati pa msewu n'kumulembera yankho lalitali, kufotokoza za mamita awiri oyandikana. Munthuyo osayankha, iwo n'kumabwererako kukaona ngati wayankha.

Patapita masabata, kuseka kunayamba kuzirala, ndipo achimwene anachita mantha. Anabwera kuseri kwa shopu yanga ndi alamu, ndowa ya madzi ili m'manja, ati tijambule kanema ina. Ine ndigwire foni, alamu akwere pa mpando awakhuthulire madzi pamutu, iwo anene mawu atsopano amene anawakonza. Alamu anakwera, nkhope ili ngati ya munthu wopita kukazula dzino. Tinabwereza mpaka zovala za makasitomala pa chingwe zinanyowa.

"Bambo a Dona," anatero alamu akutsika pa mpando, "ine kuntchito ndimasambitsa ana tsiku lonse. Kunonso ayi."

Kanemayo anaiika. Anaiseka ndi azakhali okha, nawonso analemba ameni. Achimwene anaichotsa, n'kuibwezeretsa, n'kuichotsanso. Masiku omwewo Dona anawapempha kuti akamapita kusukulu kwake azisiya chipewa kunyumba. Anzake ankati akadzuka kukayankha funso m'kalasi, wina kumbuyo amanong'ona mawu aja.

"Ndiye kuti ukuchita nane manyazi?" anafunsa achimwene.

"Ayi adadi. Kungoti inu mumaseka n'kumapita. Ine ndimatsala nawo mpaka poweruka."

Achimwene anabwera kudzandiuza zimenezi ngati nthabwala, koma sanaimalize. Anatola choko changa n'kumachitembenuza m'manja mpaka chinathyoka.

Kenaka kunabwera mvula yoopsa. Inagwa masiku otsatizana osapumira, mtsinje wa kumunsi kwa tauni unasefukira, nyumba zinagwa, anthu ena anakokoloka osapezekanso. Zithunzi zinadzaza m'mafoni: mabedi akuyandama, ana atanyamulidwa pamapewa. Ndiye munthu wina, amene mpaka lero sitikumudziwa, anatenga chithunzi cha bambo ataima pa denga la nyumba yomira, pakona n'kumatapo nkhope ya achimwene ndi mawu awo aja.

Ena anaseka n'kutumiza. Ambiri anakwiya n'kutumizanso, kuti anzawo aone kuipa kwake. Ndipo popeza nkhope inali ya achimwene, anthu anangoti ndi iwo apanga. Nambala inali poyera kale. Foni inalira kuyambira m'mawa.

Anafika ku shopu kwanga masana, alibe chikwama cha zida. Anayenda kuchoka pa makina kufika pakhomo, kubwerera, kupitanso. Shopu yanga ndi yaing'ono, ankachita kupewa chidole chovekapo madiresi ulendo uliwonse.

"Wina wandiimbira akulira," anatero. "Akuti mwana wake wapita ndi madzi, ine ndikuti chabe."

"Munamuuza kuti si inu?"

"Anadula ndisanayambe. Ndinamuimbiranso, sakuyankha."

"Zimitsani foniyo, achimwene."

"Ndikazimitsa aziti ndathawa."

Inaliranso ili m'manja mwawo. Anaiyang'ana, anayankha, anamvetsera kwa kanthawi, n'kunena kuti pepani, pepani, kenaka anaitsitsa. Anatuluka panja kukaimbira msuweni uja. Ndinkawamva kudzera pa zenera akumufunsa kuti anamutuma ndani kuika kanemayo pa Fesibuku. Atabwerera ndinawafunsa kuti wati chiyani.

"Akuti anaipeza ku gulu. Akuti anaitumiza kumeneko ndine." Anakanda kumutu. "Sakunamatu."

Tsiku lomwelo anajambula kanema yopepesa, ataima pakhoma loyera, opanda chipewa. Anafotokoza zonse mwaulemu, za saluni, za mita, kuti chithunzi cha padenga si chawo. Anthu ochepa anaionera mpaka kumapeto. Wina anadula pamene achimwene anatseka maso akumeza malovu, n'kulemba pansi pake kuti, "Akafika alandilodi." Imeneyonso inayenda ndithu. Gulu la banja linangoti zii. Msuweni anatulukamo osatsanzika.

Kunyumba sankadya, sankakhala. Ankatsegula kabati, n'kuitseka. Anamasula mpope wa kukhitchini umene unalibe vuto n'kuumanganso. Ntchito anasiya kupita, poopa kuti woitanayo mwina akufuna kuwamenya. Alamu anapirira masiku angapo, kenaka anaika mbale pansi.

"Bambo a Dona, mukundizunguza mutu. Anthu amene nyumba zawo zagwa akugona pa sukulu ya pulayimale ya kumtunda. Mnzanga wa kuntchito akuti mipope yakumeneko yafa, watsala umodzi. Tengani chikwama chanu mupite. Akakakutukwanani, akutukwanani muli ndi sipanala m'manja."

Anandipempha kuti ndiwaperekeze. Ndinali ndi zovala zimene eni ake anazitaya kwa ine kalekale, ndinazimanga mu nsalu, tinakwera basi. Njira yonse bondo lawo linkagunda mpando wakutsogolo mpaka wokhalapo anatembenuka.

Pa sukulupo madesiki anali atasanjikizidwa kukhoma. M'makalasi munali mphasa, mabeseni, matumba, ndi fungo la zovala zosauma. Pa bolodi panali pakadali masamu a tsiku lomaliza. Panja, kuseri kwa ofesi, panali khoma lalifupi la mipope, ndipo ndowa zinandanda kuchokera pa mpope umodzi wokhawo mpaka ku bwalo la mpira. Achimwene anakaonana ndi woyang'anira malowo. Nthawi ino anapita okha kukatseka madzi, anabwerera, anatsegula mpope kuti atsimikize, anapitanso kukaona. Kenaka anagwada n'kuyamba kumasula.

Sipanatenge nthawi anthu a pamzere anayamba kunong'onezana. Bambo wina wa jekete lachikasu anatulutsa foni n'kuwayandikira.

"Akulu, ndinu nomwe eti? Tanenani mawu aja kamodzi kokha."

"Chotsani foniyo, m'bale wanga," anatero achimwene osadzutsa mutu. "Ndigwirireni paipi iyi."

Bamboyo anazengereza, kenaka anaika foni m'thumba n'kugwira.

Ine ndinali pakhonde ndikugawa zovala. Pafupi nane panakhala mayi wina wamtali, akuchotsa matope mu nsapato za ana ndi kamtengo. Anawayang'ana achimwene nthawi yaitali. Atamaliza nsapato imodzi anadzuka n'kupita kukaima pambali pawo. Ndinamutsatira.

"Ndinu a pa foni aja?" anafunsa mayiyo.

Achimwene anaimirira, sipanala ili m'manja. Anayamba kufotokoza mofulumira, mawu akupondana: kuti zinayambira ku saluni, kuti iwo anangotumizira abale, kuti cha padenga sanapange ndi iwo, kuti anapepesa koma anthu sanaonere. Mayiyo anawasiya mpaka mpweya unawathera.

"Bambo ali padenga aja ndi amuna anga," anatero.

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawaona achimwene ataima osagwedeza kanthu.

"Ali kuti?" anafunsa pamapeto pake.

"Kuchipatala. Lata linawacheka mwendo, koma akuchira. Madzi atabwera ine ndinathawa ndi ana, iwo anabwerera kukamasula galu. Tsiku lonse sitinadziwe ngati ali moyo. Ndiye mtsikana wina muno anabwera ndi foni akuti taonani nkhanza za anthu. Nditayang'ana ndinaona denga lathu, ndi shati imene ndinachapa ndekha."

"Amayi, ine ndikupepesa kwambiri. Nkhope yanga ija..."

"Nkhope yanu sindinaione, bambo. Anachita kundilozera pambuyo pake kuti pakona pali munthu." Anapukuta manja m'chiuno. "Zokhululuka kapena kusakhululuka ine ndilibe nazo mpata. Ana anga sanasambe chifikire kuno. Mpopewo utha lero?"

"Utha, amayi."

Mayiyo anabwerera ku nsapato zake. Achimwene anagwadanso. Anamasula, anamanga, mpaka madzi anatuluka m'mipope itatu. Wachinayi unafuna chitsulo chimene analibe. M'basi pobwerera anangonena chinthu chimodzi: "Telala, wamva? Akuti sanandione n'komwe." Sindinadziwe ngati zinawapepukitsa kapena zinawapweteka. Ndikuganiza kuti nawonso sankadziwa.

M'mawa mwake anapitanso ndi chitsulo chija, kenaka zimbudzi nazo zinatsekeka, kenaka thanki inayamba kudontha. Anapitabe mpaka anthu atachoka pa sukulupo. Mafoni otukwana anachepa okha. Anthu sanamve zoona zake, anangotopa, ndipo kunatulukira bambo wina amene buluku linamung'ambikira akuvina pa siteji. Foni zonse zinatembenukira kwa iyeyo. Achimwene anaionera kanemayo, anaseka ndithu, sindinama. Koma ku gulu sanaitumize. Anakhala akufufuza kuti bamboyo ndi ndani, ati akufuna kumuimbira amuuze kuti achotse nambala yake poyera. Sanamupeze.

Nthabwala sanasiye, munthu sasintha khungu. Gulu la banja linadzukanso, msuweni anabwezedwamo ndi azakhali. Kungoti masiku ano achimwene amatumiza nyama zokhazokha: atambala, anyani, agalu ogona m'mabeseni. Nditawafunsa chifukwa chake anati, "Mphaka alibe mwana kusekondale." Dona anamva, anapotoza pakamwa, koma ndinamuona akumwetulira m'buku lake. Nkhope ija imatulukirabe apo ndi apo, wina akaifukula. Anthu ambiri sawazindikiranso mumsewu, ndipo tsiku lina anabwera atanyansidwa kuti kondakitala wawafunsa ngati ali aphunzitsi.

Panopa mutu wawo uli pa zina. Ku sukulu kuja anadziwana ndi anthu oika mapampu oyendera dzuwa, ndipo akuti mapaipi a m'nyumba awakwana, akufuna kuphunzira zimenezo. Ntchitoyo ndi yoyendayenda, masabata angapo kutali ndi kwawo. Alamu anangoti, "Bola muzikafika kumene mwanena." Mwezi watha anabwera ku shopu kuti ndiwasokere ovolosi yatsopano, ya matumba ambiri, lina la foni lokhala ndi zipi. Ndinawaimika pakati pa shopu, ndinayeza mapewa, ndinayeza chifuwa. Ndikugwada kuti ndiyeze miyendo, foni inalira. Anali a mapampu aja, akuti galimoto inyamuka msanga kuposa mmene anapanganirana.

"Imani kaye, achimwene, ndatsala pang'ono."

"Miyendo ndi yomwe ija, Telala, sinasinthe."

Anatuluka akuyankhula, tepi yanga ikulendewera paphewa pawo, ndinachita kuwathamangira mpaka pa msewu. Ovolosiyo ndinaisoka mongoyerekeza. Atabwera kudzaitenga mwendo umodzi unali wautali. Anaupinda kawiri, anati ili bwino, n'kuthamangira basi.